ZIWETO ZA PAKHOMO: Tinsomba Toweta M'bokosi Lagalasi

Anthu ambiri m'midzi akamva za nsomba amangoganiza za ndiwo, ndipo zimene alangizi amaphunzitsa kawirikawiri ndi za maiwe okumba, momwe mlimi amathira gaga ndi manyowa kuti ikapita miyezi isanu ndi umodzi akolole. Koma kuli kuweta kwinanso kumene ana a sukulu amakuona m'mabuku kapena m'masitolo a m'tauni, nabwera kudzabvutitsa nako makolo ao. Uku ndiko kuweta tinsomba ting'onoting'ono m'bokosi lagalasi, limene pa Cingelezi amalicha aquarium. Tinsomba totere sitidyedwa ai. Nchito yake ndi kukongoletsa nyumba ndi kuonetsa ana makhalidwe a zolengedwa za m'madzi, amene ngakhale msodzi wokalamba sawadziwa onse, popeza iye amakumana ndi nsomba itakodwa kale mu ukonde.

Cobvuta ncakuti kawirikawiri munthu woyamba kumene nchito imeneyi nsomba zake zimafa mwezi usanathe. Ndalama zapita, mwana ali kulira, ndipo bokosi lija lisanduka mosungiramo nyemba. Mwini wake amati anam'gulitsa nsomba zodwala, pamene colakwa ceniceni cinali cakuti anayamba ndi kugula nsomba, nayamba kuganiza za madzi pambuyo pake. Woweta wanzeru amayamba wayang'ana nyumba yake, ngati muli magetsi kapena mulibe, ndi madzi amene banja lake limatunga. Akatero ndi pamene amasankha mtundu wa nsomba umene nyumbayo ingathe kusunga.

Nsomba zoyenera bokosi laling'ono ndi tija tating'ono ta m'banja limodzi ndi cambo, banja limene akatswiri amalicha cichlid. Pa nkhani imeneyi dziko la Zambia liribe cifukwa cosirira maiko ena. Nyanja ya Tanganyika, imene Zambia amagawana ndi Tanzania, Burundi ndi Congo, ndi yotalika pafupifupi makilomita 670 ndipo ndi yozama mamita 1,470 pamalo pamene yazama koposa. M'nyanja imeneyi muli mitundu pafupifupi 250 ya nsomba za banja limeneli, ndipo pafupifupi yonse sipezeka kwina kulikonse pa dziko lapansi. Anthu a ku Ulaya, America ndi Japan amalipira ndalama zabwino kuti aziwete m'nyumba zao, pamene anthu a kuno amene amadziwa kapenta ndi bukabuka wa ku Mpulungu ambiri sanamvepo kuti pansi pa madzi omwewo pali tinsomba tokhala m'zigoba za nkhono.

KANSOMBA KA M'NKHONO

Kansomba kameneka dzina lake la m'mabuku ndi Neolamprologus multifasciatus. Katswiri wa ku British Museum mu mzinda wa London, George Albert Boulenger, ndiye anakalemba koyamba m'caka ca 1906, ndipo tinsomba timene anapima tinagwidwa ku Niamkolo, pafupi ndi Mpulungu, kumene kuli chalichi cakale camiyala cimene amishoni a London Missionary Society anamanga. Kakamuna kakakula kamafika masentimita 4 kapena 5, kakakazi masentimita 3 okha, ndiko kunena kuti kakakazi sikaposa mutu wa cala cacikulu. Thupi lake ndi lotuwa, lamizere yambiri yoimirira, ndipo maso ake ndi obiriwira ngati thambo.

Pansi pa nyanjayo pali malo ena amene zigoba za nkhono zakufa za mtundu wa Neothauma zaunjikana zosawerengeka, cifukwa madzi a Tanganyika sasungunula zigoba msanga monga amacitira madzi a m'mitsinje. Kansomba kalikonse kamatenga cigoba cimodzi nkucisandutsa nyumba yake. M'menemo ndi mmene kamagona, mmene kamathawira mdani akabwera, ndipo kakakazi kamaikiramo mazira. Timakhala m'magulu ngati mudzi, kakamuna kamodzi kolamulira, tatikazi tingapo ndi ana amisinkhu yosiyanasiyana, ndipo ana oyamba kubadwa sapirikitsidwa ana ena akabadwa. Tsiku lonse timakhala pa nchito yokumba: kamatapa mcenga ndi kamwa, kupita nao kumalire a bwalo lake ndi kukaulabvulira pabwalo la mnzake, ndipo mnzakeyo naye amaubweza. Munthu angathe kukhala ola lathunthu akuonerera mkangano wa malire umenewu, umene susiyana kwenikweni ndi milandu ya minda imene imafika kwa anyakwawa.

Tsono kansomba aka kali ndi zofuna ziwiri zimene sizinganyengereredwe. Coyamba ndi kutentha. Madzi a pamwamba pa Tanganyika amakhala ofunda caka conse, ndipo m'bokosi ayenera kukhala pakati pa madigiri 24 ndi 27. Ku Chipata, Katete ndi Lundazi, usiku wa m'miyezi ya Juni ndi Julayi kumazizira mpaka pafupi madigiri 10 kapena 12, ndipo madzi a m'bokosi losatenthetsedwa amazizira kuposa mmene kansombaka kangapirire. Motero pafunika hita ya magetsi yomiza m'madzi, ya mawati 50, ndiponso kacipangizo koyesera kutentha. Amene akukumbukira caka ca 2024, pamene cilala cinacepetsa madzi ku Kariba ndipo magetsi anali kuzima maola ambiri tsiku lililonse, adziwa okha kuti kukhala ndi waya wa magetsi pakhomo si kukhala ndi magetsi. Wopanda sola ndi batire lokwanira kuyendetsa hita usiku wonse m'nyengo yacisanu aganize kawiri. Bulangeti lofunditsa bokosi lithandiza kwa maola ocepa, koma osati kwa masiku.

Caciwiri ndi mtundu wa madzi. Kansomba ka m'nkhono kafuna madzi okhala ndi laimu wambiri, aja amene sopo sacita thobvu msanga ndipo amasiya zoyera zoumirira m'ketulo. Madzi a m'mijigo yambiri ya ku Lusaka ndi otere, cifukwa mzindawo unamangidwa pa miyala ya laimu. Madzi a mvula paokha sayenera. Ngati madzi a pakhomo ndi ofewa, woweta asakanize mcenga wa m'bokosi ndi zigoba zosinja kapena timiyala ta laimu. Ndiponso kansombaka sikapezeka pa sitolo iliyonse yogulitsa nsomba zoweta, cotero ndi bwino kuyamba wafunsa asanagule galasi.

CIKUNDU

Kwa banja la kumudzi lopanda magetsi, nsomba yoyenera ili pafupi kwambiri. M'mitsinje, m'madambo ndi m'madamu ambiri a dziko lino muli kansomba kamene akatswiri amakacha Pseudocrenilabrus philander, ndipo asodzi a ku Bangweulu amati cikundu. Amai akamabvuula nsomba ndi mono kapena dengu amakagwira pamodzi ndi matemba, nkukaphika osakayang'anitsitsa. Nsomba imeneyi imapezeka mpaka ku South Africa, kumene kumazizira kuposa kuno, ndipo m'nyumba yotsekeka bwino ingathe kupyola nyengo yacisanu popanda hita. Sisankha madzi kwambiri, ndipo imadya ciliconse cimene cakwana m'kamwa mwake.

Yaimuna kawirikawiri siposa masentimita 11 kapena 12, ndipo yaikazi ndi yocepa kuposa pamenepo. Yaimuna ikakhwima imakongola zedi: mlomo wapansi umanyezimira mobiriwira, mamba ake amacita ngati mikanda, ndipo kunsonga kwa cipsepse ca pansi pa mimba, ca kufupi ndi mcira, kuli kadontho kofiira. Kadontho kameneka woweta akasamale, cifukwa ndiko kamene kamathandiza kusiyanitsa cikundu ndi ana a nsomba zikuluzikulu za m'banja lomwelo. Ana a nsomba zikuluzikuluzo ambiri ali ndi dontho lakuda kumapeto kwa cipsepse ca pamsana. Wotenga amenewo adzaona kuti ikapita miyezi yocepa akula ndi kudzaza bokosi lonse.

Khalidwe la cikundu ndi losiyana ndi la kansomba ka m'nkhono. Yaimuna imakumba kadzenje mumcenga ndi kuitanirapo yaikazi. Mazira akaikidwa, mai amawatola onse ndi kuwasunga m'kamwa pafupifupi masabata awiri, osadya kanthu, kufikira ataswa. Ngakhale tiana titatuluka, kwa masiku angapo timathamangira m'kamwa mwa mai wao tikaona zoopsa. Koma coipa cake ncakuti yaimuna ndi yankhanza. Amuna awiri m'bokosi limodzi laling'ono amamenyana kufikira wina atafa, ndipo mwamuna akakhala ndi mkazi mmodzi yekha amam'pirikitsa usana wonse. Cofunika ndi mwamuna mmodzi, akazi atatu, ndi malo ambiri obisalamo.

Wofuna kugwira cikundu akumbukire kuti caka ndi caka Boma limatseka kugwira nsomba m'madera ambiri kuyambira pa 1 Disembala kufikira kumapeto kwa Febuluwale, kuti nsomba ziswane. Ndi bwino kuyamba waonana ndi wa ku Dipatimenti ya Nsomba wa m'boma lake, amene angathandizenso kuzindikira nsombayo. Ana asatumidwe kukalowa m'madzi osayenda, pakuti nkhono zing'onozing'ono za m'madzi otere ndizo zimafalitsa likodzo. Pa cifukwa comweco, zomera zocokera kudambo zitsukidwe bwino, zikhale m'ndowa yapadera kwa masabata angapo, ndipo nkhono yamoyo iliyonse imene yaoneka icotsedwe.

Mitundu iwiriyi isasakanizidwe m'bokosi limodzi. Ndiponso mbuna zamawangamawanga za m'nyanja ya Malawi, zimene anthu a kum'mawa kuno angakopeke nazo cifukwa ca kuyandikira, zifuna bokosi lalikulu kuposa limene likunenedwa pano.

KUKONZA BOKOSI

Kwa tinsomba ta m'nkhono, bokosi lotalika masentimita 60, m'mimba mwake 30, msinkhu wake 30 likwanira, ndipo limalowa malita 54. Kwa cikundu pafunika lotalika masentimita 90, la malita 81. Nsomba zonsezi zimakhala pansi, motero cofunika ndi kukula kwa bwalo, osati kuzama kwa madzi. Timabotolo tozungulira tija toikamo nsomba imodzi tisagulidwe nkomwe. Madzi akacepa amaonongeka msanga ndi kuzizira msanga, ndipo bokosi laling'ono kwambiri ndi lobvuta kusamala kuposa lalikulu.

Wodula magalasi a mawindo angathe kupanga bokosi lotere ndi galasi la mamilimita 6, lomatidwa ndi silikoni. Silikoniyo ikhale yopanda mankhwala oletsa nkhungu, cifukwa ija yomatira m'mabafa imapha nsomba. Likauma kwa masiku angapo, bokosi liyesedwe ndi madzi panja lisanalowe m'nyumba. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, kotero kuti bokosi la malita 54 pamodzi ndi mcenga ndi galasi limaposa thumba la cimanga la makilogalamu 50, ndipo la malita 81 limayandikira matumba awiri. Tebulo likhale lolimba, losagwedera ndi losapendekeka, ndipo pansi pa galasi payalidwe cinthu cofewa. Bokosi lodzaza madzi lisanyamulidwe. Liikidwe pamalo powala koma posafika dzuwa, cifukwa dzuwa limameretsa ndere ndi kutenthetsa madzi masana, ndiponso kutali ndi utsi wa kukhichini.

Pansi pathiridwe mcenga wosalala wa kumtsinje, wotsukidwa kufikira madzi ake atayera, wozama ngati zala ziwiri kapena zitatu. Sopo asayandikire bokosi kapena ciwiya ciliconse ca nsomba. Kwa tinsomba ta m'nkhono, nsomba iliyonse ikhale ndi zigoba zitatu kapena kuposa, popeza zigoba zikacepa ndeu siitha. Zigoba za nkhono za kumunda zija zimaoneka nthawi ya dzinja zingagwire nchito, malinga zikhale zapakati, za pakamwa pongokwana cala cacikulu, ndipo ziwiritsidwe kuti zonse za m'kati zituluke. Pozimiza, mpweya wonse ucotsedwe kuti zisayandame. Woweta asabvutike kuziyala mokongola, pakuti pofika mawa eni ake adzakhala atasuntha mcenga monga afunira. Kwa cikundu, miyala, mapale a mbiya yosweka ndi zomera za m'madzi zikhale zambiri, kotero kuti yaikazi ikabisala yaimuna isaione. Miyala ikhazikike pa galasi lenileni mcenga usanathiridwe, kuopera kuti nsomba ingakumbe pansi pake mwala nkuigwera.

Madzi a pamjigo kapena a pacitsime coyera ndi abwino. Madzi a pampopi wa m'tauni, ndiponso amene athiridwa klorini pakhomo kuti akhale akumwa, amapha nsomba. Banja lipitirize kuthira klorini m'madzi ake akumwa monga a zaumoyo amalangizira, koma a nsomba atungidwe padera, ndipo a pampopi akhale m'ndowa yosatseka kwa masiku awiri asanathiridwe m'bokosi.

KUDIKIRA

Apa ndi pamene ambiri amagwera. Bokosi ladzazidwa, madzi ali mbee, ana ali kufunsa kuti nsomba zibwera liti, ndipo bambo aganiza kuti palibe cotsala. Koma madzi oyera m'maso si ndiwo madzi okonzeka. Nsomba ikamapuma ndi kucita cimbudzi imatulutsa amoniya, mpweya womwe uja umalasa m'mphuno m'khola la nkhuku losasesa. M'nyanja amoniyayo amamwazika m'madzi ambirimbiri, koma m'bokosi amaunjikana, ndipo m'madzi alaimu, amene kansomba ka m'nkhono kamafuna, ululu wake umakula koposa. Cimene cimapulumutsa nsomba ndi tizilombo tosaoneka ndi maso, tochedwa mabakiteriya, timene timamera pamcenga, pamiyala ndi m'sefa. Gulu lina limasandutsa amoniya kukhala nitrite, amene nayenso ndi poizoni, ndipo gulu laciwiri limasandutsa nitrite kukhala nitrate, amene saopsa kwambiri ndipo zomera zimamudya ngati feteleza. M'bokosi latsopano tizilomboti mulibe okwanira, ndipo kuti ticuluke pamapita masabata anai kufikira asanu ndi limodzi.

Pa masabata amenewa bokosi likhale lopanda nsomba. Woweta aziponyamo kacakudya ka nsomba kongotsina ndi zala masiku awiri alionse, kuti kakamaola kadyetse tizilomboto. Madzi angathe kucita mbuu kwa masiku angapo, kenaka nkuyeranso okha; asatayidwe. Amene ali ndi magetsi ayendetse hita pamodzi ndi kapampu ka mpweya kolumikiza ku sefa ya siponji usana ndi usiku, pakuti tizilomboti timafuna mpweya ndipo timaswana msanga m'madzi ofunda. Masitolo a nsomba zoweta amagulitsa mankhwala oyesera madzi, ndipo amoniya ndi nitrite zikasowa ndiye kuti bokosi lapsa. Wosatha kugula zoyeserazo adikire masabata onse asanu ndi limodzi. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono nkudekha, ndipo pa nchito imeneyi mwambiwo ufika pamalo pake penipeni. Cinthu cimodzi cisaiwalike: bokosi lopanda nsomba ndi malo oswaniramo udzudzu. Libvundikiridwe ndi galasi kapena nsalu yoyera, ndipo ndowa zosungira madzi zimangidwe nsalu pakamwa. Nsomba zikalowa, zidzadya mphutsi zonse zokha.

Tsiku lolowetsa nsomba, pepala lapulasitiki limene zabweramo liyandame m'bokosi kwa mphindi 20 kuti kutentha kufanane. Kenaka muzithiridwa madzi a m'bokosi pang'onopang'ono kwa theka la ola, ndipo pomaliza nsomba zokha zitulutsidwe, madzi a m'pepala atayidwe panja. Tinsomba ta m'nkhono tisanu ndi kamodzi tikwanira kuyambitsa mudzi. Tsiku loyamba tisadyetsedwe, ndipo tikabisala m'zigoba kwa masiku awiri kapena atatu palibe codetsa nkhawa. Cibvundikiro cikhalepobe, cifukwa nsomba yodzidzimuka imalumpha, ndipo mphaka naye samafunsa kuti nsombayo inagulidwa zingati.

Pa cakudya, nsomba zambiri za m'mabokosi zimafa ndi kukhuta kuposa njala. Zipatsidwe kamodzi kapena kawiri patsiku, cakudya cimene zingamalize m'mphindi ziwiri. Cogula m'sitolo ndi cabwino, koma nyongolotsi zodula tizidutswa, ciswe ndi kapenta wopanda mcere wosinja bwino nazonso zithandiza. Nyenyeswa za nsima ndi za buledi zisaponyedwemo, cifukwa zimabvunditsa madzi. Mlendo aliyense ndi mwana aliyense amafuna kudyetsako; ndi bwino kuti nchitoyi ikhale ya munthu mmodzi.

Sabata iliyonse gawo limodzi mwa magawo anai a madzi licotsedwe ndi kapaipi, kokoka zinyalala za pamcenga, ndipo m'malo mwake muthiridwe madzi atsopano amene agona m'nyumba momwemo kuti asakhale ozizira. Bokosi lopanda pampu licitidwe zimenezi kawiri pa sabata, ndipo nsomba zake zisaonjezedwe. Nsomba zikayamba kupumira pamwamba pa madzi m'mawa, ndiye kuti mpweya wacepa kapena madzi aipa, ndipo theka la madzi lisinthidwe tsiku lomwelo. Kutaya madzi onse ndi kukweca mcenga ndi kulakwa kwakukulu, popeza kumapha tizilombo tija tinadikiridwa mwezi wathunthu. Siponji ifinyidwe m'madzi ocokera m'bokosi momwemo. Hita izimitsidwe munthu asanapise dzanja m'madzi. Madzi otayidwawo akathiridwe kudimba. Ndiwo zamasamba zimakondwa nao.

M'midzi ya alimi a thonje ndi fodya muli mdani wina woposa onse. Mankhwala ophera tizilombo amapha nsomba ngakhale atakhala kadontho kosaoneka. Ndowa imene inasakaniziridwamo mankhwala opopera m'munda isagwire madzi a nsomba ngakhale itatsukidwa kangati, ndipo wocokera kopopera asagwire bokosi asanasambe. Neti ya udzudzu yonyikidwa m'mankhwala isasanduke cogwirira nsomba kapena cibvundikiro. Opopera udzudzu m'nyumba akabwera alandiridwe, cifukwa malungo amapha anthu. Koma nsomba zisamutsidwire m'ndowa panja pamodzi ndi madzi ao, ndipo bokosi likutidwe ndi pulasitiki yomangidwa bwino kufikira nyumba itapita mphepo.

Zonse zikayenda bwino, ikapita miyezi yocepa pakamwa pa cigoba cina padzaoneka tiana tocepa ngati nsabwe, kapena khosi la cikundu cacikazi lidzatupa ndi mazira. Ana a m'nkhono angathe kukulira pamodzi ndi makolo ao, koma ana a cikundu amadyedwa ndi akuluakulu ngati mai wao sanapatulidwe. Nsomba zikaculuka, zotsala zisatayidwe mumtsinje kapena m'damu. Nsomba ya Nile tilapia, imene inabweretsedwa kumaiwe a ku Mazabuka m'zaka za m'ma 1980, inapulumukira mu Kafue, ndipo yakhala ikuswana ndi nsomba zacibadwidwe za mumtsinjewo ndi kusokoneza mtundu wao. Zotsalazo zipatsidwe kwa mnansi kapena kusukulu ya pafupi. Wolandirayo apatsidwenso mcenga wodzaza manja awiri ndi madzi ofinyidwa m'siponji yakale, cifukwa m'menemo muli tizilombo tija, ndipo bokosi lake lidzapsa msanga kuposa loyamba.